Lero Palibe Chatsopano

1

Dzina langa ndine Dinah, ndipo ngati mumakhala ku Zomba kuno mwina mawu anga mumawadziwa ngakhale nkhope yanga simunaionepo. Ndine uja ndimakudzutsani pafoni sikisi koloko m'mawa ndi moni wakuti, "Mwadzuka bwanji, nazi nkhani zanu." Anthu amati ndili ndi mawu a munthu woona mtima. Akatero ndimangoseka nawo, koma mkatimu mumawawa.

Ndimagwira ntchito pa kakampani kotchedwa Kadzutsa wa Nkhani, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsalu m'tauni. Timatolera nkhani za m'manyuzipepala, za pawailesi ndi zomwe anthu amatitumizira, n'kuzifupikitsa, ine n'kuziwerenga, kenako zimapita pafoni ya aliyense wolembetsa.

Chomwe anthu amatikondera n'choti sitigawira onse mbale yofanana. Polembetsa munthu amadzaza fomu. Wa mpira amachonga mpira, mlimi amachonga mitengo ya nandolo ndi feteleza. Pansi pa fomuyo pali mizere itatu yolembapo mayina a anthu omwe ukufuna kumamva za iwo. Ambiri amalemba phungu wawo kapena woimba. Ena, Mulungu awakhululukire, amalemba chibwenzi chakale. Analiponso ochepa omwe analemba dzina langa, ndipo ine ndinkangonyada osafuna n'kudziwa komwe kuti ndi ndani.

Dzina likatuluka m'nkhani, kompyuta imalowetsa nkhaniyo m'kadzutsa wa munthuyo, kaya ndi yabwino kaya yoipa. Likapanda kutuluka, imatchula dzinalo n'kuikapo mawu omwe ndinajambula kalekale: "Lero palibe chatsopano."

Abwana athu a Keith ali ndi lamulo limodzi lomwe amalibwereza ngati pemphero la chakudya.

"Sefa ndi wa mwini ufa," amatero. "Wina asadzaike dzanja pa mndandanda wa munthu popanda mwini wake kunena."

Ine ndinaikapo dzanja, ndipo mndandanda wake unali wa bambo anga ondibala.

2

Ababa, a Wilson Namaona, anagwira ntchito yoyang'anira nkhalango paphiri la Zomba zaka makumi atatu ndi chimodzi. Atapuma, shuga anawalanda maso pang'onopang'ono mpaka nyuzipepala inasanduka chokupizira mphepo. Analembetsa ku Kadzutsa kampaniyo itangoyamba, ine ndikadali kukoleji ku Blantyre. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde kwathu ku Sadzi, jekete lakale la kunkhalango lili m'thupi, timahedifoni m'makutu, ndipo nthawi imeneyo ngakhale nkhuku inkadziwa kuti sayankhulitsidwa.

Mu Januwale anadwala sitiroko. Anachira, koma dokotala anati mtima wawo usamadzidzimutsidwe. Tsiku lina amayi anandikokera kukhitchini.

"Dinah, zamaliro ndi zangozi zija uwachotsere abambo ako. Akamva kuti wakuti wafa, tsiku lonse sadya."

"Amayi, lamulo silitilola."

"Lamulo la a Keith ndi moyo wa abambo ako, chachikulu n'chiti?"

Mawa lake ndinatsegula mndandanda wawo koyamba. Munali za nkhalango, za mpingo, za nyengo, zamaliro ndi zangozi. Ziwiri zomalizazo ndinazichotsa. Ndikanatseka pomwepo bwenzi lero ndilibe chokuuzani, koma maso anatsikira pa mizere itatu ija. Iwiri inalibe kanthu. Pa mzere woyamba panali dzina lakuti Bashir Sefu.

Dzinalo ndinkalidziwa, chifukwa ndinali nditaliwerengapo kambirimbiri. Bashir anali wapampando wa akabaza a ku Chinamwali, ndipo sankasowa m'nkhani. Lero wakangana ndi akhonsolo za siteji, mawa akugawa zipewa za chitetezo, mkuja walamula anzake kuti mayi wapakati wopita kuchipatala asamamulipiritse. Koma ababa, mkulu wa mpingo wa ku Sadzi, ankafunanji kwa mnyamata wachisilamu wa njinga yamoto?

Loweruka lina mu Malichi ndinali pakhomo. Ndinadziwa kuti tsikulo munali nkhani ya Bashir, choncho ndinakhala pawindo n'kumawasuzumira. Chakumapeto kwa kadzutsa nkhope yawo inasintha. Anamwetulira mpaka mano onse panja, n'kumenya bondo ndi chikhatho, kenako n'kubweza kuti amverenso.

Ine tsiku lomwe ndinalandira digiri anangondigwira dzanja n'kunena kuti, "Wachita bwino." Kumwetulira koteroko sindinakuonepo.

3

Ndinapita ku Chikamveka kwa azakhali a Tione, mlongo wawo wa ababa, omwe chinsinsi amachisunga ngati dengu losungira madzi.

"Azakhali, Bashir Sefu ndi ndani kwa ababa?"

Anasiya kusenda mbatata n'kundiyang'ana.

"Wakuuza ndani?"

"Palibe. Ndangofunsa."

"Ukakamuona ukamuyang'ane makutu. Ukatero usadzandifunsenso."

Koma sanapirire. Mbatata isanathe anali atandiuza zonse. Ine ndili ndi zaka ziwiri, ababa ankagonera kuphiri sabata yathunthu. M'mbali mwa msewu wokwera kumeneko munali mtsikana wogulitsa zipatso, dzina lake Safina. Mwana atabadwa, alongo ake a Safina anakana kuti ababa aonekere pakhomo pawo, ndipo anamupatsa mwanayo dzina la agogo ake. Ankhoswe anakhala pansi, ababa analumbira pamaso pa amayi kuti sadzapondanso kwa Safina, ndipo nkhani inakwiriridwa.

"Achimwene analakwa, koma lumbiro lawo analisunga," azakhali anatero. "Iwe uzisiye. Za akulu n'za akulu."

Sindinazisiye. Ndinakwera minibasi mpaka pa siteji ya Chinamwali n'kufunsa kuti wapampando ndi uti. Anandilozera mwamuna wamtali wovala chibonga chonyezimira. Atavula chipewa ndinaona makutu a ababa, otambasuka ngati zogwirira poto, omwe inenso ndimawabisa ndi mawigi.

"Tikupita kuti, achemwali?"

"M'tauni."

Anandiyang'ana pang'ono, n'kupukuta mpando ndi kansalu ngakhale unali woyera kale. M'njira ankayendetsa mosamala ngati wanyamula mazira.

"Mawu anuwa si achilendo," anatero. "Si inu a Kadzutsa?"

"Ndine."

"Eee, ndiye lero ndanyamula munthu wamkulu! Akunyumba onse ali bwanji? Madala akupezako bwino?"

Ndinaganiza kuti ndi moni wamba wa akabaza. Ndinayankha mwachidule kuti ali bwino. Titafika anakana ndalama, akuti munthu womudzutsa m'mawa uliwonse sangamulipiritse. Ndinaziponya pampando n'kuchoka osacheuka. Chomwe chinandipsetsa mtima kwambiri n'choti anali munthu wabwino, ndipo ndinasowa pomudera.

4

Lolemba ndinafika kuofesi m'bandakucha anzanga asanabwere. Ndinatsegula mndandanda wa ababa. Kufufuta dzinalo sikukanatheka, chifukwa akanazindikira tsiku lomwelo kuti silikutchulidwa. Ndinachita china choipa kuposa pamenepo. Dzinalo ndinalisiya, koma ndinadula kulumikizana kwake ndi nkhani. Kuyambira tsiku limenelo, kaya Bashir atuluke m'manyuzipepala onse a m'Malawi, ababa ankangomva mawu anga akuti, "Za Bashir Sefu, lero palibe chatsopano."

Ndinadziuza kuti ndikuchitira amayi. Mayi wokalamba amene amawaphikira, kuwasambitsa, kuwawerengera mapiritsi, osadziwa kuti m'mawa uliwonse mwamuna wawo akumwetulira mwana wa mkazi wina pakhonde pawo pomwe. Ndinkadziona ngati msilikali wa amayi anga. Zoona zake n'zakuti ndinali ndi nsanje, nsanje ya mwana wamkulu wa zaka makumi atatu yemwe akulimbirana bambo ndi munthu yemwe sanakhalepo nawo ngakhale tsiku limodzi.

Sabata zinadutsa. Ababa anayamba kuvula timahedifoni ali ndwii.

"Dinah," anandifunsa tsiku lina, "kodi akabazawa masiku ano alibe nkhani?"

"Akabaza ake ati, ababa?"

"Aaa, ndangofunsa. Kale ankamvekamveka."

"Mwina zinthu zili bwino kwawoko."

Anagwedeza mutu. "Inde. Kukakhala chete ndiye kuti kuli bwino."

Ndinalowa m'nyumba ndikumva ngati ndapambana. Miyezi inayi inatha choncho.

5

Linali Lamulungu la mu Julaye, chiperoni chitakuta phiri lonse. Amayi ndi ine tinatsogola kutchalitchi wapansi. Ababa ankabwera pambuyo pa njinga yamoto ya a Tony, bambo wachikulire yemwe ankawanyamula sabata iliyonse.

Nyimbo yoyamba inatha ababa osafika. Yachiwiri inathanso. Kenako ndinaona a Tony pakhomo la tchalitchi akutikodola, chipewa chili m'manja.

"Madala akana kutsika. Ati ndiwabweze kunyumba, ndiye ndakawasiya kumeneko. Ine sindikudziwa chomwe ndalakwa."

"Mwawauza chiyani?" amayi anafunsa.

"Palibe, mayi. Anangondifunsa kuti bwanji sindikucheza lero. Ndiye ndinati mtima sunakhale m'malo chitayireni wapampando wathu. Bashir uja. Anagwa Lachitatu madzulo potsika kuphiri, m'chifunga muja. Lachinayi cha m'ma teni anatisiya, ndipo pofika madzulo tinali titaika kale. Mukudziwa anzathu achisilamu sagoneka maliro."

Amayi anagwira khoma.

Tinawapeza ababa pakhonde, atakhala pampando wawo, foni ili m'manja. Sankalira. Ankabwereza kadzutsa wa Lachinayi mokweza, kenako wa Lachisanu, kenako wa Loweruka. Katatu konse mawu anga anamveka pabwalo lonse, okoma, odekha: "Za Bashir Sefu, lero palibe chatsopano."

"Dinah," anatero osatembenuka. "Makina anuwa amanama?"

Ndisanayankhe, anatembenukira komwe kunali amayi.

"Amake Dinah, Januwale uja munamuuza mwanayu kuti andichotsere zamaliro. Ndinakumvani kukhitchini, maso ndi amene anafa koma makutu alipo. Ndinangokhala chete. Kodi munamuuzanso kuti andichotsere mwana wanga?"

Amayi anandiyang'ana. Sindidzaiwala kayang'anidwe kameneko. Anaona zonse pankhope panga, monga ankaonera ndikaba shuga ndili mwana. Kenako anakonza chitenje chawo bwinobwino.

"Inde, abambo a Dinah. Ndinamuuza ndine."

Ine ndinali pomwepo, lilime ndili nalo, koma sindinatsutse.

6

Madzulo omwewo ababa anaitanitsa a Tony n'kupita kwa azakhali ku Chikamveka ndi kachikwama kamodzi. Pochoka ananena mawu ochepa.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu sindinaponde pakhomo paja chifukwa cha inu. Ndinkangofuna dothi lodzaza dzanja limodzi lokha, loponya m'manda mwake. Mwandimana."

Nkhani inafalikira Sadzi yense. Kumvano amayi anayamba kukhala okha pabenchi. Azimayi omwewo amene kale ankawatama kuti ndi opirira anayamba kunong'onezana kuti nsanje ya nkhalamba ndi yoopsa, munthu kubisira mwamuna wake maliro a mwana. Kuno kwathu mukhoza kukhululukidwa zambiri, koma kubisa maliro ayi.

Amayi anaonda ndikuona. M'mawa uliwonse ankaphikabe tiyi wa anthu atatu, wopanda shuga m'kapu ya ababa, n'kukamutaya kuseri akazizira.

"Amayi, bwanji munavomera?" ndinawafunsa tsiku lina tikuchapa.

"Unafuna nditani?"

"Mukananena zoona."

"Zoona zake unali nazo ndiwe." Anafinya malaya osandiyang'ana. "Abambo ako anali atataya kale mwana mmodzi sabata imeneyo. Ndikanalola kuti ataye awiri?"

"Komatu ndinachitira inu. Ndinkafuna kuti asamakunyozeni m'nyumba mwanu momwe."

Anaimirira, manja ali thovu lokhalokha, n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Iwe Dinah, sukulu unapitadi, koma nzeru unazisiya pageti. Unandifunsa?"

Ine sindinamvetse chomwe ankatanthauza.

7

Patatha sabata zitatu, a Keith anandipatsa ntchito yotseka mindandanda ya olembetsa omwe anamwalira. Mafomu akale timasunga m'kabati yachitsulo, ndipo lamulo ndi lakuti fomu ya womwalira ichotsedwe m'menemo. Dzina lachitatu papepala lomwe anandipatsa linali la Bashir.

Fomu yake inali yothimbirira ndi oilo. Anachonga mpira, mitengo ya mafuta ndi nyengo. Pa mizere ya mayina analemba awiri, ndi zilembo zikuluzikulu za munthu wosazolowera cholembera. Loyamba linali Wilson Namaona. Lachiwiri linali Dinah Namaona.

Ndinakhala pansi pa simenti. Tsiku lija pa siteji ankandidziwa. Ankapukuta mpando chifukwa ananyamula mlongo wake, ndipo pofunsa za madala ankafunsa za bambo ake. Ine ndinamuponyera ndalama ngati wopemphapempha.

Kenako ndinafufuza fomu ya ababa. Nthawi yonseyi ndinkangoona mndandanda wawo pakompyuta, pepala lenilenilo ndinali ndisanaligwirepo. Nditalitulutsa ndinazindikira zolembazo nthawi yomweyo. Zinali zilembo zopendekera zomwe zili m'buku la nyimbo la amayi ndi pa zivundikiro za makope anga onse a ku pulayimale. Ababa nthawi imeneyo anali atasiya kale kuona. Dzina la Bashir Sefu analemba ndi amayi anga, ndi dzanja lawo.

Ndinathamangira kunyumba ndi pepalalo.

"Inde, ndinalemba ndine," anatero. "Munthu anasunga lumbiro lake zaka zonsezo, osadandaula. Maso atafa ndinkamuona akufota pakhondepo. Ndinati mwendo ndinaumanga ndine, koma khutu ndilimasule. Ndinapita ndekha ku Chinamwali kukamuuza Safina kuti chilichonse chochitikira mwanayo, bambo ake azimva pafoni. Tinagwirana chanza. Unali mtendere wathu umenewo, wa akazi awiri, ndipo unkayenda bwino mpaka iwe unabwera kudzanditeteza."

"Nanga ababa akukhulupirira bwanji kuti munachotsa ndinu?"

"Akuti wopereka ndi yemwe amalanda. Akuganiza kuti ndinasintha mtima."

8

Mawa lake ndinapita ku Chinamwali. Nyumba ya mayi Safina ili kuseri kwa mzikiti, m'kanjira kodutsa pakati pa maokala. Ndinawapeza atakhala pamkeka, atafunda mpango woyera. Sindinafunike kudzitchula.

"Ndinu a Dinah. Khalani apa, mwanangu. Mawu anu amamveka m'nyumba muno tsiku lililonse."

Ndinapepesa maliro. Anayankha modekha, kenako anayamba kufotokoza okha, ngati munthu yemwe wakhala akudikira womufunsa.

"Usiku wonse wa Lachitatu kuchipatala kuja Bashir ankadzidzimuka n'kufunsa kuti, 'Amama, kodi madala amva?' Ine nambala ya kwanu ndinalibe, ndipo alongo anga sakanalola kutuma munthu. Ndiye kusanache ndinauza mdzukulu wanga kuti atumize uthenga kuntchito kwanu kuja. Ndinamuuza Bashir kuti sikisi ikakwana bambo ako amva. Sikisi itakwana anati timutembenuzire kukhomo. Munthu akalowa m'wodimo, iye ankadzutsa mutu."

Anapukuta maso ndi nsonga ya mpango.

"Atapita, ndinawachonderera ashehe kuti adikire pang'ono. Jeneza, chonyamulira maliro chija, linakhala pabwalopa ola lathunthu, amuna ataimirira, ena akung'ung'udza kuti tikudikira ndani. Ine maso kunjira. Kenako ndinati nyamulani. Ndinaganiza kuti a Wilson amva koma asankha lumbiro lawo. Sindinawade, koma zinandipweteka."

Apa, owerenga, pali china chomwe ndakhala ndikukubisirani kuyambira poyamba, monga ndinabisira amayi ndi wina aliyense. Mwina mwakhala mukuganiza kuti ndinadula dzina lija mu Malichi n'kuiwala, ndipo ngoziyo inandidutsa osaidziwa. Ayi.

Uthenga wa mayi Safina unafikira pa desiki langa Lachinayi lija, itatsala pang'ono kukwana hafu faifi. Unati: "Bashir Sefu wa ku Chinamwali wachita ngozi pa msewu wa kuphiri ndipo ali m'chipatala chachikulu, wodi ya amuna. Amayi ake akuti amene amamvera za iye m'mawa uliwonse abwere msanga, akumufunsa." Ndinadziwa kuti akunena ndani. Ndinauwerenga ndi mawu angawa, ndipo unapita kwa anthu mazana ambiri omwe anachonga zangozi. Kenako ndinatsegula mndandanda wa ababa. Kubwezeretsa dzinalo kunkafuna kungodina kamodzi, ndipo ndinali ndi theka la ola.

Ndinadziuza kuti mtima wawo sungapirire. Ndinadziuzanso kuti ndi mnyamata wamphamvu, achira. Koma chenicheni chomwe ndinkaopa chinali chakuti akamva adzafunsa chifukwa chake miyezi inayi kunali zii, ndipo ndidzagwidwa. Ndinatseka kompyuta n'kupita kukaphika tiyi. Masana uthenga wa imfa utafika, ndinauwerenganso. Madzulo ndinadya ndi ababa patebulo limodzi n'kuwasankhira minga m'nsomba.

Zonsezi ndinawauza mayi Safina pamkeka paja.

"Ndiye kuti sanakane kubwera," anatero.

"Ayi, sanamve."

"Alhamdulillah. Chimenecho chokha mwandichotsera mwala pamtima. Zinazo mukanene kwa eni ake."

9

Ababa nditawapeza ku Chikamveka sanandilole kuyamba. Anati ndipeze galimoto, akufuna kukafika pomwe panagwera mwana wawo. A Tony anatilozera malowo, pa kona yakuthwa pamwamba pa damu, pomwe msewu umapinda ngati chigongono. Chifunga chinali chisanachoke. Ababa anatsika n'kuima m'mbali mwa msewu, ndodo ili m'manja, akununkhiza mpweya.

"Paini uyu tinabzala ife," anatero. "Apa ndimapadziwa. Amayi ake ankagulitsa zipatso pamwamba pang'ono."

Ndinagwada pa miyala yonyowa n'kuwagwira mwendo.

"Ababa, amayi sanandiuze kanthu. Ndinachita ndekha."

Ndinanena zonse, za kumwetulira kuja, za siteji, za mafomu awiri, za uthenga wa hafu faifi ndi jeneza lodikira pabwalo. Sanandidule. Nditamaliza kunkangomveka madontho ogwa m'mitengo.

"Anapita nthawi yanji?"

"Itangokwana teni."

"Uthenga ukanandipeza sikisi." Anawerenga ndi zala, pang'onopang'ono. "Kuchoka ku Sadzi kufika kuchipatala, pa njinga ya a Tony, ndi mphindi makumi awiri. Ndikanakhala naye maola atatu ndi theka. Sindinamugwirepo dzanja chibadwire, Dinah. Maola atatu akanandikwanira."

Apo ndi pomwe analira, ataimirira, ngati mwana. Ine ndinalira nawo koma sindinayerekeze kudzuka.

Patapita nthawi anafufuza mutu wanga ndi dzanja, n'kuugwira pang'ono, kenako n'kuchotsa.

"Dzuka. Unditengere kwa amayi ako. Ndawalakwira kawiri tsopano."

10

Anabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Zomwe anakambirana ndi amayi kuchipinda sindikuzidziwa, koma mawa lake tiyi wachitatu sanatayidwe. Pa sadaka ya masiku makumi anayi anapita ku Chinamwali, ndipo amene anawagwira dzanja polowa pabwalo paja anali amayi. Lamulungu lotsatira ndinaimirira pamaso pa amayi a mvano n'kuyeretsa dzina la amayi anga. A Keith ndinawauzanso. Sanandichotse ntchito, koma mindandanda ya anthu sindiloledwanso kuitsegula. Ndimangowerenga zomwe andipatsa.

Ababa anapita okha kuofesi kukadzaza fomu yatsopano. Anabwezeretsa zamaliro ndi zangozi. A Keith atawafunsa za mizere ya mayina, anati dzina la Bashir likhalepo.

"Madala, komatu sipadzakhalanso nkhani za iyeyu."

"Ndikudziwa. Likhalepo."

Ndinawachonderera ababa kuti mwina mzere umenewo ajambule munthu wina.

"Ayi," anatero. "Akhale mawu akowo."

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi kholo lodwala, kapena mwamuna, kapena mwana, ndipo mwayamba kumusankhira zoti amve ndi zoti asamve. Mumati mukumuteteza, ndipo mwina n'zoona. Ine ndikungokupemphani kuti mudzifunse kawiri kuti mukuteteza ndani, chifukwa ine ndinayamba ndi kuchotsa zamaliro pomvera dokotala, ndipo sindinazindikire tsiku lomwe ndinayamba kuchotsa za ine ndekha. Uthenga wa munthu ndi wake, ngakhale ukhale wowawa. Akalira, alire pa nthawi yake, akadali ndi mwayi wokwera njinga.

Ababa amandiyankhula, amandifunsa za kuntchito, ndipo ndikawasankhira minga amadya. Ngati anandikhululukira, sananene, ndipo ine sindinafunse. Timahedifoni tija anatitaya. Loweruka ndi Lamulungu, masiku omwe ndimakhala pakhomo, amandiitana sikisi koloko kuti ndikhale nawo pakhonde, amayi mbali iyi, ine mbali inayo, foni pakati. Timamvera za nkhalango, za mpingo ndi za nyengo. Kenako mawu anga amatchula dzina la mchimwene wanga n'kunena kuti lero palibe chatsopano. Ababa amagwedeza mutu n'kuzimitsa foni, ndipo amayi amapita kukatenga tiyi.